Kasungidwe ka Chakudya pa Chilumba cha Likoma

Ife okhala ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo tazolowera kuti ufa ukatha titumiza mwana ku msika, ndipo madzi asanawire iye wabwera kale. Koma kuli abale athu amene madzi awazinga mbali zonse, ndiwo a pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu. Kwa iwowa kukolola ndi nkhani ina, kusunga chimene akolola ndi nkhani inanso, ndipo yachiwiriyi ndiyo yawasautsa kuyambira kale.

Likoma ndi chilumba chaching'ono, chamiyala ndi mchenga, chodzala ndi milambe ndi mango, ndipo chimanga sichichita bwino pamenepo. Amishoni a U.M.C.A. atakhazikika pa chilumbachi mu 1885, anthu anachuluka chifukwa cha sukulu, chipatala ndi ntchito yomanga tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, imene inayambika mu 1903. Minda siinathe kudyetsa khamu lonselo. Chotero chakudya china, pamodzi ndi nkhuni, chinali kudza pa ngalawa kuchokera kutsidya, ku Mozambique.

Mbewu imene yasunga moyo wa anthuwa ndiyo chinangwa. Tsono chinangwa chili ndi khalidwe lake: chikazulidwa sichitha masiku atatu chisanayambe kuda ndi kuwola. Makolo anazindikira zimenezi, nasandutsa munda womwewo kukhala nkhokwe. Mayi azula chokwanira masiku ochepa okha, nasiya chotsalacho m'nthaka. Chozulidwacho achisenda, nachiviika m'madzi masiku angapo kuti ululu wa chinangwa chowawa uchoke, kenaka achiyanika padzuwa ndi kuchisinja, ndiwo ufa wa kondowole umenewo. Ena a kumtunda kuno anyoza nsima imeneyi chifukwa cha fungo lake. Koma munthu wolingalira bwino aona kuti m'mene nankafumbwe aboola chimanga chathu m'matumba, chinangwa chingokhala phee pansi kudikira mwini wake.

Nsomba ndizo zovuta koposa. Usipa ndi utaka zogwidwa ndi chilimira usiku zifika padooko m'mawa zambirimbiri nthawi imodzi, ndipo dzuwa likakwera ziyamba kuvunda. Kale anali kuziyanika pa mchenga ndi pa matanthwe. Pambuyo pake mathandala anafala, ndipo nsomba zinayamba kuuma zopanda mchenga. Zina azifutsa m'madzi otentha asanaziyanike, ndi zazikulu aziwamba pamoto, ngakhale nkhuni zisowa pa chilumbapo. M'chilimwe zonsezi ziyenda bwino. Koma m'dzinja, mitambo ikaphimba masiku awiri kapena atatu, ntchentche ziikira mazira, mphutsi zilowa, ndipo thukuta la usiku wonse lingotayika. Nyengo yomweyo mango apsa onse pamodzi ndi kuwolera pansi pa mitengo, popeza ogula ali kutali.

Utali umenewu unachepako ndi sitima. Ilala inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951, m'malo mwa Vipya imene inamira mu 1946, ndipo inakhala ngati msewu wa anthu a pa zilumba. Komabe kwa zaka zambiri inali kuima patali ndi gombe, katundu namatsitsidwira m'maboti aang'ono. Ufa unali kunyowa, matimati kuphwanyika, makamaka mwera ukawomba. Sitimayo ikafa, nsomba zouma zinali kudikira m'matumba mpaka kufumbwa. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inasokonezanso malonda akale a kutsidya.

Likoma inakhala boma paokha mu 1999, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 pa zilumba ziwirizi. Mu 2020 anaikako magetsi a dzuwa oonjezera pa a injini, chinthu chothandiza ofuna kusunga nsomba pozizira. Ngakhale zili choncho, nsomba zazing'ono zambiri zichokabe ku nyanja zili zouma. Zikakwezedwa pa sitima, kutsitsidwa ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota ndi kuponyedwa pa galimoto, zina zifika m'misika ya Lilongwe zitanyenyeka, ndipo zimenezo wamalonda azigulitsa pa mtengo wotsika kwa oweta nkhuku.