Paundi ndi Kilogalamu: Mbiri ya Miyeso m'Minda ya Tiyi ku Thyolo

Makolo akale ankayesa nsalu ndi mkono, ufa ndi lichero, ndipo chimanga ankachiyesa ndi dengu. Miyeso yoŵerengedwa pa sikelo inakhazikika m'nthaŵi ya atsamunda a ku Britain, amene anayamba kulamulira dziko lino mu 1891. Pamene minda ya tiyi inafalikira m'boma la Thyolo, monga wa Satemwa umene unatsegulidwa mu 1923, anthu a ku Kapichi ndi madera ozungulira anazoloŵera mawu atsopano. Munda unkayesedwa m'maekala, msewu m'mamailosi, mafuta m'magaloni, ndipo masamba a tiyi amene wotchola wabweretsa kwa kapitawo ankayesedwa m'mapaundi.

Liwu lakuti "paundi" linali ndi matanthauzo aŵiri: kulemera kwa katundu ndiponso ndalama. Tanthauzo la ndalama linayamba kuzilala mu 1971 pamene Malaŵi anayamba kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala, paundi imodzi n'kukhala K2. M'zaka zotsatira dziko linatsatanso miyeso ya mita, lita ndi kilogalamu, imene inayambira ku France m'zaka za m'ma 1790. Thumba la chimanga la mapaundi 200 linasanduka la makilogalamu 90, ndipo pambuyo pake kunafala la makilogalamu 50.

Chisokonezo chimadza chifukwa chakuti miyesoyi siyofanana. Kilogalamu imodzi ndi mapaundi pafupifupi 2.2, hekitala ndi maekala pafupifupi 2.5, ndipo mailo imodzi ndi makilomita 1.6. Mwachitsanzo, dengu la tiyi lolemera mapaundi 44 limakhala makilogalamu 20 okha. Wotchola wosadziŵa kusiyanaku akhoza kuganiza kuti sikelo yamubera. Mlembi wosintha dzina la muyeso osasintha nambala amachulukitsa zokolola koposa kaŵiri. Liwu lakuti "tani" nalonso limasokeretsa, pakuti tani ya Chingerezi ndi mapaundi 2,240, pamene ya masiku ano ndi makilogalamu 1,000.

Mpaka lero alimi ambiri amatchula minda yawo m'maekala ngakhale kuti mabuku a sukulu amalemba mahekitala. Choncho olemba, akonzi ndi aphunzitsi ayenera kusamala pa zinthu zitatu. Choyamba, pomasulira zolembedwa zakale asunge muyeso wakalewo, kenaka apereke wofanana nawo. Chachiŵiri, liwu lakuti "thumba" kapena "ndowa" lisaime lokha pamene kulemera kwake kukufunika. Chachitatu, m'chiganizo alembe dzina lonse, monga "makilogalamu 20", koma zizindikiro monga kg ndi km zisapatsidwe mphatikiram'mbuyo wochulukitsa, pakuti n'zofanana m'ziyankhulo zonse.