Mbiri ya a Banda m'Malawi ndi m'Zambia

Kalekale, maina asanayambe kulembedwa m'mabuku a boma, Banda udali mfunda. Akuluakulu a Chichewa amati a Banda ndiwo adayamba kufika kuno, a Phiri nadzabwera pambuyo ndi ufumu wa Kalonga. Mifunda iwiriyi idagawana udindo: a Phiri ankalamulira, a Banda ankasunga kachisi wa mvula ku Msinja, komwe kunkakhala Makewana, mayi woyang'anira kachisiyo. Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, ankachokeranso kwa a Banda. Pakupita kwa zaka mfundawu udafalikira mpaka kwa Atonga a ku Nkhata Bay ndi kummawa kwa Zambia.

M'nthawi ya atsamunda, woyamba kutchuka pa ndale adali T.D.T. Banda wa ku Nkhata Bay, yemwe adatsogolera chipani cha Nyasaland African Congress. Mu 1957 iyeyu adapita ku Ghana, nakakumana ndi dotolo wina wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, n'kumupempha kuti abwerere kwawo. Kamuzu adatera pa Chileka pa 6 July 1958, T.D.T. atachotsedwa kale pampando. Kamuzu adamangidwa mu March 1959 n'kukatsekeredwa ku Gwelo, adamasulidwa mu April 1960, ndipo pa 6 July 1964 dziko lidalandira ufulu iye ali nduna yaikulu. Adakhala pulezidenti mu 1966, nalamulira mpaka 1994, ndipo adamwalira mu 1997.

Kamuzu ali m'ndende, mnyamata wina, Aleke Banda, wobadwira ku Livingstone mu 1939 koma kwawo ku Tukombo, adathandizana ndi Orton Chirwa kuyambitsa Malawi Congress Party. Adakwera msanga mpaka kukhala nduna, koma dzina lofanana ndi la mwini boma silidamutchinjirize: adatsekeredwa kuyambira 1980 mpaka 1992 osazengedwa mlandu. Atatuluka adayambitsa nyuzipepala ya The Nation mu 1993.

Kutsidya kwa malire, Rupiah Banda, wobadwira ku Gwanda mu 1937, adalowa m'malo mwa Levy Mwanawasa mu 2008, nalamulira Zambia mpaka 2011. Chaka chotsatira, pa 7 April 2012, Joyce Banda adalumbira kukhala pulezidenti wa Malawi, Bingu wa Mutharika atamwalira. Mayiwa adabadwira ku Malemia ku Zomba m'banja la a Mtila, ndipo dzina la Banda adalitengera kwa mwamuna wawo Richard Banda, yemwe adakhalapo mkulu wa oweruza milandu m'dziko muno.

Alendo ambiri ankayesa kuti anthuwa ndi a banja limodzi lolowerana ufumu. Sadali pachibale chamagazi ayi. Ena adali Achewa, ena Atonga, wina adalowa m'dzinali kudzera mu ukwati, ndipo aliyense adafika pampando poyenda njira yakeyake.