Mfuti za Ulenje m'Boma la Chitipa

Mfuti za ulenje ndi mfuti zimene munthu amasunga kuti aziphera nyama zakutchire kapena mbalame, kusiyana ndi za asilikali ndi apolisi. M'maiko ena, makamaka ku America, gulu limeneli limaphatikizapo mfuti zam'manja za zipolopolo zikuluzikulu, ndipo alenje a kumeneko amatsutsana mpaka kutuluka thukuta kuti yabwino koposa ndi iti. Mtsutso umenewu ndi wachilendo ku Chitipa, boma la kumpoto kwenikweni kwa Malawi lomwe lachita malire ndi Tanzania komanso Zambia. Kumeneko munthu sasankha mfuti poona kukongola kwake m'sitolo. Zimene zimamusankhira ndi lamulo, mtundu wa nyama, mtunda umene nyamayo imalola kuti mlenje ayandikire, ndiponso thumba lake.

Malo ndi nyama zake

Boma la Chitipa ndi lalikulu makilomita 4,288 m'mbali zonse, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 234,927. Nyama zikuluzikulu zatsalira chakummwera, kumene madera a Nthalire ndi Wenya akhudzana ndi nkhalango yotetezedwa ya Nyika. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo inakulitsidwa mu 1978 mpaka kupitirira makilomita 3,000 m'mbali zonse. Muli ntchefu, chilembwe, mbidzi, mphoyo, mbawala, njiri, akambuku ndi afisi, ndipo mu 2017 munawonjezedwa njovu 34 zochokera ku Liwonde. Pamwamba pa Nyika ndi pa udzu waufupi, pamtetete, moti nyama imamuona munthu akadali patali.

Kumapiri a Misuku zinthu n'zosiyana. Nkhalango za Matipa, Mughese ndi Wilindi n'zowirira, za mitengo italiitali, ndipo muli anyani amitundumitundu, agwape, nguluwe ndi mbalame zambiri. Mlimi wa khofi, nthochi kapena chimanga wa m'mphepete mwa nkhalangozi akamaganiza za mfuti, nthawi zambiri saganiza za ndiwo. Amaganiza za nguluwe imene yafukula munda usiku.

Mmene mfuti zinafikira

Kale alenje ankadalira uta, mikondo, agalu, maukonde, mbuna ndi misampha, ndipo uzimba unali wa mudzi wonse. Mfuti zinachuluka m'zaka za m'ma 1800 pamene amalonda a Chiswahili ankagula minyanga ya njovu ndi akapolo, n'kumalipira nsalu, mikanda, wonga ndi mfuti. Ababemba anapeza mfuti zambiri mwa njira imeneyi ndipo ankathira nkhondo mitundu ing'onoing'ono ya pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika.

Azungu anadzera njira yomweyo. Mu 1881 anayamba kulambula msewu wa Stevenson, wochoka ku Karonga kukwera mapiri kulowera kunyanja ya Tanganyika, ndipo unadutsa m'dera limeneli. Kuyambira 1887 mpaka 1889 kampani ya African Lakes inamenyana ndi Mlozi, mmodzi wa amalonda a Chiswahili aja, ku Karonga. Frederick Lugard, amene ankamenyera kampaniyo, anavulazidwa ndi chipolopolo pankhondoyi mu 1888, ndipo Mlozi anadzanyongedwa mu Disembala 1895 polamulidwa ndi mkulu wa atsamunda Harry Johnston. Atsamunda anamanga linga pamsewuwo, ndipo dzina lake, Fort Hill, ndi limene Chitipa inkadziwika nalo mpaka dziko litalandira ufulu.

Pangano la ku Brussels la 1890 ndi limene limafotokoza chifukwa chake mfuti yachikale inakhalitsa m'midzi. Maiko a ku Ulaya anagwirizana kuti mfuti zamakono zisagulitsidwe kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, koma analola mfuti zothira wonga kukamwa pamodzi ndi wonga wake wamba. Mzungu anatsala ndi rifle, mwini dziko anatsala ndi gogodela.

Gogodela, shotgun ndi rifle

Gogodela ndi mfuti yaitali imene mlenje amathira wonga ndi chipolopolo kudzera kukamwa kwa mpope, n'kutsindira ndi kandodo kachitsulo. Imawomba kamodzi kokha, ndiye mwini wake ayambirenso kuthira. Imafuka utsi wambiri, siponya patali, ndipo wonga ukanyowa ndi mame imakana. Zimenezi zinapangitsa mlenje wa gogodela kukhala katswiri wonyang'ama: amayang'ana kolowera mphepo, amakwawa, amadikira mpaka nyama ifike pafupi. Akaphonya ndiye kuti wagona ndi njala, ndipo ngati nyamayo ndi yolusa, wadziputira tsoka. Mfuti zoyambirira zinkachokera ku Ulaya, koma amisiri a m'midzi anaphunzira kuzikonza kenako kuzisula okha. Zosula kumudzizi zilibe nambala, sizilembedwa m'kaundula wa boma, ndipo kukhala nazo ndi mlandu. Zimaphulikanso m'manja, poti mpope wake sunayesedwe ngati ungapirire mphamvu ya wonga. Alonda a nkhalango za kumpoto amalanda mfuti zotere kawirikawiri pamodzi ndi makhwekhwe a waya.

Shotgun, makamaka ya 12-bore, ndi imene anthu wamba okhala ndi chilolezo amakonda kusunga. Ambiri amangoitchula kuti Greener, potengera kampani ya W. W. Greener ya ku Birmingham. Imamwaza tizipolopolo tambiri nthawi imodzi, choncho ndi yoyenera nkhanga, nkhwali ndi kuopseza zilombo kumunda, koma kupitirira mamita 40 kapena 50 mphamvu yake imatha. Rifle ndiyo ya patali. Ya .303, imene asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito cha m'ma 1889, inafala m'maiko onse a ulamuliro wawo. Pa njovu ndi njati, alenje a ku Africa amadalira .375 H&H ya mu 1912 kapena zoposerapo, ndipo maiko angapo, kuphatikizapo Tanzania, anaika m'malamulo kuti nyama zoopsa zisawombedwe ndi mfuti yochepera pamenepo.

Mfuti zam'manja zazikulu

Nambala imene imatchulidwa pa mfuti, monga .357 kapena .44, imanena kukula kwa chipolopolo m'mimba mwake poyeza ndi inchi, ngakhale maina ena amanamiza pang'ono: chipolopolo cha .44 Magnum kwenikweni ndi mainchi 0.429, pafupifupi mamilimita 11. Zambiri mwa mfuti zam'manja za ulenje ndi mavolovolo, mfuti za kamgolo kozungulira kosunga zipolopolo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Chifukwa chake n'chakuti kamangidwe ka volovolo kamapirira mphamvu yaikulu kuposa pistol yodzikoka yokha.

Mpikisano wa kukula unayamba mu 1935 pamene kampani ya Smith & Wesson inatulutsa .357 Magnum. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 panabwera .44 Magnum, imene mlenje ndi mlembi Elmer Keith anailimbikira kwa zaka zambiri. Volovolo ya .44 Magnum yotchedwa Model 29 inatchuka padziko lonse mu 1971 chifukwa cha filimu ya Dirty Harry ya Clint Eastwood, ndipo ambiri amene anaigula panthawiyo anakopeka ndi kanemayo osati ulenje. Kenako .454 Casull inaiposa, ndipo mu 2003 panatuluka .500 S&W Magnum, ya chipolopolo cha mamilimita 12.7, yotsatiridwa ndi .460 S&W Magnum mu 2005.

Posankha pakati pa zimenezi, odziwa amayang'ana mphamvu ndi kukankha kwake pamodzi, chifukwa ziwirizi sizisiyana. Ya .357 imakwanira nyama yofanana ndi gwape kapena mbawala ili pafupi, ndipo mwini wake angathe kuyeserera ndi zipolopolo zofewa za .38 Special zomwe n'zotsika mtengo. Ya .44 Magnum imatulutsa mphamvu ya ma joule oposa 1,000 ndipo ndi pamene anthu ambiri amalekezera, poti munthu wamba angathe kuizolowera. Nayonso imalandira zipolopolo zofewa za .44 Special. Ya .500 imadutsa ma joule 3,000, kufanana ndi .303, koma volovolo yake ya mpope wautali imalemera pafupifupi makilogalamu 2, imakankha dzanja koopsa ndipo kulira kwake kumawononga makutu ngati munthu sanawatseke. Wowombera akayamba kuopa mfuti yake amatsinzina ndi kugwedeza dzanja chipolopolo chisanatuluke, ndiye mfuti yamphamvu kwambiri ija imasanduka yovulaza nyama m'malo moipha. Apa m'pamene dzina lakuti "yam'manja" limayamba kuseketsa: mfuti yolemera chonchi, yoikidwanso galasi loonera patali, mwini wake amafuna ndodo kapena mwala woitsamiritsapo, ntchito imene phewa limagwira mwaulere pa rifle.

Vuto lalikulu ndi mtunda. Mpope waufupi ndi kusowa kwa chotsamira paphewa zimapangitsa kuti alenje ambiri a mfuti zam'manja asawombere kupitirira mamita 50 mpaka 100. M'nkhalango za ku America, mmene mlenje amadikira nyama ali pamsanja mumtengo, mtunda umenewu ndi wokwanira. Pa udzu wa pamtetete ngati wa ku Nyika, chilembwe sichingadikire munthu afike pamenepo. M'nkhalango zowirira ngati za ku Misuku, mmene zonse zimachitikira pafupi, shotgun imagwira ntchito yomweyo pamtengo wochepa. Maiko a kuno kummwera amasiyananso maganizo: ku South Africa ulenje wa mfuti zam'manja ndi wololedwa m'mafamu a nyama, pamene ku Namibia salola.

Zimene lamulo limanena

Malamulo awiri ndiwo amalamulira nkhaniyi. Loyamba ndi Firearms Act la 1967, lomwe limafuna kuti mfuti iliyonse ilembetsedwe ndipo mwini wake akhale ndi chiphaso chochokera ku ofesi ya Registrar of Firearms ya apolisi. Wopempha amafotokoza chifukwa chimene akufunira mfutiyo, ndipo chiphasocho chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Lachiwiri ndi National Parks and Wildlife Act la 1992, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017 kufikira chilango cha zaka 30 kundende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere. Chiphaso cha mfuti si chilolezo chosakira nyama. Chilolezocho, kaya cha mbalame kapena cha nyama, chimachokera ku nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire, ndipo sichipatsa munthu ufulu wolowa ndi mfuti mu Nyika. Njovu kapena chilombo china chikavuta m'mudzi, oitanidwa ndi alonda a nthambiyi.

Kukhwima kumeneku kuli ndi mbiri yake. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, kuyambira 1977 mpaka 1992, inamwaza mfuti za AK-47 m'chigawo chino, ndipo mu Ogasiti 2001 maiko a SADC anasainirana ku Blantyre pangano loletsa kufala kwa mfuti. Boma la malire aatali ndi njira zachidule zambiri ngati Chitipa limakhudzidwa kwambiri ndi nkhawa zotere. Mfuti yam'manja imabisika m'chikwama, n'chifukwa chake apolisi kulikonse amaiyang'ana ndi diso lina kusiyana ndi shotgun ya mlimi.

Pali mbali ina imene lamulo silinathetse. Pamene Nyika inkakulitsidwa mu 1978, midzi inasamutsidwa, ndipo anthu anasiya manda a makolo, malo ofulira uchi ndi osakira nyama. Mlenje amene dzulo anali wolemekezeka pamudzi anadzuka ali wopha nyama mozemba. Kuyesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi kwadutsa m'mabungwe a anthu ozungulira nkhalango, m'mgwirizano wa Malawi ndi Zambia wa 2015 wosamalira limodzi nkhalango za m'malire, ndiponso m'pangano la zaka 20 la mu 2023 limene boma linachita ndi bungwe la Peace Parks Foundation loyendetsera limodzi nkhalango za Nyika ndi Vwaza.

Kuwombera ngati masewero

Masewero owombera chandamale safuna mfuti zazikulu monga ambiri amaganizira. Pa Olympics amagwiritsa ntchito pistol za .22 ndi za mpweya za mamilimita 4.5. Mavolovolo akuluakulu ali ndi mpikisano wawo wogwetsa zifaniziro zachitsulo za nkhuku, nkhumba, nkhukundembo ndi nkhosa, umene unayambira ku Mexico, ndipo pa mfuti zam'manja nkhosayo imaimikidwa pa mamita 200. Bungwe la IPSC, la mpikisano wowombera mothamanga, linakhazikitsidwa mu 1976, ndipo mipikisano yake ya dziko lonse inachitikira ku Salisbury, komwe tsopano ndi Harare, mu 1977 ndi ku Johannesburg mu 1979. Masewerowa amadya zipolopolo mazanamazana pa tsiku limodzi, ndipo ku Malawi chilichonse mwa izo chimachita kuitanitsidwa kunja ndi chilolezo cha boma.