Kusaka maneutrino: kuchokera m'migodi ya ku Joni

Wa ku Naperi akamva Wenela amaganiza za depoti ya mabasi, pamene agogo athu ankaganiza za ulendo wa kumigodi ya golide ya ku Joni. M'mgodi umodzi mwa imeneyo, East Rand Proprietary Mine ku Boksburg, makilomita atatu ndi kupitirira pansi pa nthaka, Frederick Reines ndi Friedel Sellschop anagwira maneutrino oyamba ochokera mumlengalenga m'chaka cha 1965. Thukuta la anthu okumba ndilo linatsegulira sayansi njira yofikira kumeneko, ndipo sizitchulidwa mokwanira.

Neutrino ndi kanthu kakang'onong'ono kopanda mphamvu ya magetsi. Mabiliyoni ambirimbiri amadutsa m'thupi mwathu mphindi iliyonse osakhudza kanthu. Wolfgang Pauli anakaganizira mu 1930, koma kukagwira kunatenga zaka 26. Mu 1956, Reines ndi Clyde Cowan anaika mathanki a madzi pafupi ndi riyakitala ya nyukiliya ya Savannah River ku America, nkumadikira tikuwala tiwiri totsatizana tosonyeza kuti kagunda.

Kuyambira pamenepo akatswiri anathawira pansi, chifukwa thanthwe limatchinga cheza china chosokoneza. Ray Davis anadzaza thanki ndi mankhwala ochapira zovala m'mgodi wa Homestake, napeza kuti maneutrino a ku dzuwa akuchepa kusiyana ndi momwe ankawerengera. Yankho linayamba kuoneka mu 1998 ku Japan, pamene Super-Kamiokande, thanki ya madzi okwana matani 50,000 yokhala ndi zoonera kuwala zikwizikwi m'makoma, inasonyeza kuti neutrino imasintha mtundu ili paulendo. IceCube, chipangizo china chosakira maneutrino chomwe chinamalizidwa mu 2010, inakwiriridwa m'madzi oundana a ku South Pole.

Mbali yomwe imandikhudza ndi ya chitetezo. Riyakitala ikamayaka imatulutsa ma antineutrino, omwe ndi abale a maneutrino, ndipo palibe khoma lowaletsa. Ku Rovno m'dziko la Ukraine m'zaka za m'ma 1980, kenako ku San Onofre ku California, makina anasonyeza kuti munthu ali kunja angadziwe ngati riyakitala ikuyaka ndiponso momwe plutonium, yopangira mabomba, ikuchulukira.

Malawi alibe riyakitala, komabe yureniyamu wa ku Kayelekera ku Karonga, amene anayamba kukumbidwa mu 2009, amakathera m'mariyakitala a kunja. Dziko lathu linalowa m'bungwe la IAEA, loona za mphamvu za atomiki padziko lonse, mu 2006 nkukhazikitsa lamulo la mphamvu za atomiki mu 2011. Ndikufuna ana ophunzira fizikisi ku yunivesite ya MUBAS, kufupi ndi Naperi konkuno, adzakhale m'gulu la oyeza zomwe mwala wathu umakachita ukatuluka m'dziko.