Mawu a m'situdiyo amene anapanga Unknown Pleasures

Pa 4 June 1976 gulu la Sex Pistols linaimba mu Lesser Free Trade Hall mumzinda wa Manchester ku England. Anthu sanabwere ambiri, koma mwa ochepawo munali anyamata awiri a ku Salford, Bernard Sumner ndi Peter Hook, amene anatuluka mitima ikuyaka. Hook anakagula gitala ya besi, ndipo pambuyo pake anapezana ndi woimba Ian Curtis ndi mnyamata wa ng'oma Stephen Morris. Poyamba ankadzitcha Warsaw, kenako Joy Division. Chimbale chawo choyamba, Unknown Pleasures, ndi poyambira pabwino kwa wofuna kumvetsa chiyankhulo cha anthu ojambula nyimbo, chifukwa liwu lililonse la ntchitoyi likuloza munthu amene anali ndi mphamvu pa sitepe inayake.

Punk, imene Sex Pistols ankaimba, inali nyimbo yaukali, yothamanga, yoti aliyense wodziwa kugwira gitala n'kuyamba tsiku lomwelo. Post-punk inasunga kulimba mtima kumeneko koma inachepetsa liwiro n'kusiya mipata pakati pa zida. Kwa Joy Division, gulu la post-punk, besi ndiyo inkatsogolera nyimbo: Hook ankaimba mawu apamwamba a chidacho, gitala ya Sumner n'kumalowa modukizadukiza, ng'oma zikugunda ngati makina, Curtis akuimba ndi mawu a pansi pa khosi.

Mu 1978 anatulutsa okha EP yotchedwa An Ideal for Living. EP ndi lekodi yokhala ndi nyimbo zingapo kuposa single koma yosakwana chimbale, ndipo iyi inali ndi zinayi. Chaka chomwecho anajambula chimbale mogwirizana ndi anthu a RCA, imodzi mwa makampani akuluakulu amene oimba amawatcha major. Atamva kuti nyimbo zawo zathiridwa synthesizer pofuna kuzifewetsa, anakana, ndipo ntchitoyo inathera pomwepo. Anasankha kukhala ndi Factory Records, kampani ya independent, yoima payokha, imene Tony Wilson wa pa TV ya Granada anayambitsa ndi Alan Erasmus. Kumeneko phindu ankagawana pakati n'pakati ndipo nyimbo zinkakhalabe za oimba. Manijala wawo Rob Gretton anaona kuti zimenezi n'zaphindu kuposa kukapempha ku London.

Koma kuima paokha sikunatanthauze kuti oimba azilamula chilichonse. Mu April 1979, kumapeto kwa sabata zitatu zotsatizana, analowa mu Strawberry Studios ku Stockport ndi pulojusa Martin Hannett. Pulojusa ndi amene amasankha mmene nyimbo idzamvekere ikafika m'khutu la wogula, ndipo Hannett ankagwira ntchitoyi mopanda kunyengerera. Ankafuna kuti chida chilichonse chilowe pa track yakeyake, osalowererana ndi chinzake, moti Morris ankauzidwa kumenya ng'oma zake padera padera m'malo moziimba zonse pamodzi monga pa siteji. Kenako kugunda kwa ng'omako kunkadutsa m'kachipangizo ka AMS kopanga delay, kubwereza mawu mochedwerako pang'ono, ndi reverb, kulira kotsalira komwe kumapangitsa chipinda chaching'ono kumveka ngati nyumba yaikulu yopanda anthu. Anajambulanso phokoso wamba: chikepe chikuyenda kumayambiriro kwa "Insight", magalasi akusweka mu "I Remember Nothing".

Mkangano unabuka pa mix, nthawi yosakaniza ma track onse n'kusankha chokweza ndi chotsitsa. Pa siteji Joy Division inali yaphokoso ndi yolusa. Hannett anatsitsa magitala, nakweza mipata ndi kuzizira. Hook ndi Sumner sanakondwe, poona kuti ukali wawo wachotsedwa, pomwe Curtis anasangalala nazo. Patapita zaka Hook anavomera kuti kamvekedwe kamene dziko limakadziwa kuti ndi ka Joy Division anakaumba ndi Hannett.

Chikuto nacho chinali ndi mwini wake, Peter Saville. Oimba anamupatsa chithunzi cha m'buku la Cambridge Encyclopaedia of Astronomy chosonyeza mafunde a wailesi ochokera ku nyenyezi ya CP 1919, pulsar yoyamba kudziwika, imene Jocelyn Bell Burnell anaitulukira mu 1967. Saville anaika mizere yoyera ya mafundewo pakati pa pepala lakuda, kutsogolo osalembapo dzina la gulu kapena la chimbale. Mbali ziwiri za lekodi, nyimbo zisanu uku zisanu uku, anazitcha Outside ndi Inside. Nambala ya m'kaundula wa kampani inali FACT 10, ndipo ku Factory nambala zotere sizinali za malekodi okha: FAC 1 inali positala, FAC 51 inadzakhala kalabu ya Haçienda.

Chimbale chinatuluka pa 15 June 1979. Pressing yoyamba, kutanthauza makope odindidwa ulendo woyamba, inali 10,000. Palibe nyimbo ya m'chimbalecho imene inatulutsidwa nthawi yomweyo ngati single yokopera ogula. "Transmission" inabwera payokha chakumapeto kwa chaka, ndipo inathandiza kuti makope otsala ayende. Manyuzipepala a nyimbo anachiyamikira, koma pa tchati cha dziko lonse sichinaonekepo mpaka Curtis atamwalira pa 18 May 1980, ali ndi zaka 23. Mu August chaka chimenecho chinafika pa nambala 71.

Otsalawo anapitiriza ndi dzina la New Order, Factory inagwa mu 1992, koma chimbale sichinasiye kudindidwa. Reissue ndi kutulutsanso chimbale chakale, pomwe remaster ndi kukonzanso kamvekedwe kuchokera pa matepi oyambirira popanda kusintha mix. Mu 2007 chinatuluka chokonzedwanso pamodzi ndi CD ya konsati, ndipo mu 2019, chitakwanitsa zaka 40, chinadindidwa pa lekodi yofiira n'kukwera mpaka nambala 5 pa tchati cha ku Britain.