Kulera Pambuyo pa Uchembere kwa Sandwe

Kulera pambuyo pa uchembere ndi kupewa mimba yosakonzekera m'miyezi 12 yoyamba mayi atachira. Bungwe la World Health Organization (WHO) limalangiza kuti papite miyezi 24 mwana atabadwa mayi asanaimenso. Mimba zothithikana zimamutha magazi mayi, zimachulukitsa ana obadwa masiku asanakwane, ndipo mwana wotumbizidwa amalekezedwa bere nthawi yake isanakwane.

Dziko la Mfumu Sandwe ndi la Ansenga, m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. Linali m'boma la Petauke mpaka mu 2018 pamene boma la Lusangazi linakhazikitsidwa. Limachita malire ndi nkhalango ya nyama ya South Luangwa. Midzi ndi yotalikirana, m'dzinja mitsinje imadzaza, ndipo zipatala zikuluzikulu monga cha Petauke, cha mishoni ya Minga ndi cha Nyimba zili kutali. Kutalikaku ndiko kumalamula nkhani yonse ya kulera kuno.

Kutalikitsa mimba si chinthu chachilendo. Kale mayi akatuluka m'chikuta ankagona padera ndi mwamuna wake kwa miyezi ingapo mpaka mwambo wotenga mwana utachitika, ndipo alangizi ankadzudzula banja lotumbiza. Mabanja ambiri lero sadikiranso nthawi yaitali chotero, koma chikhulupiriro china chinatsala: choti mayi woyamwitsa, amene sanayambenso kusamba, sangaime. Chikhulupirirochi n'choona mbali imodzi yokha. Kuyamwitsa kumateteza amayi 98 mwa 100 ngati mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, ndipo mayi sanaone msambo. Chimodzi chikasowa, chitetezo chatha. Mayi akapita kumunda m'mamawa n'kusiya khanda ndi agogo, iwo n'kulimwetsa madzi kapena phala lamadzimadzi, njirayi yayamba kale kufooka. Komanso dzira limakhwima msambo woyamba usanaoneke, choncho wodikira msambo akhoza kudikira ali ndi pakati kale. Mayi wosayamwitsa akhoza kuima patangopita milungu 4.

Njira iliyonse ili ndi nthawi yake. Lupu imaikidwa pasanathe maola 48 mayi atachira, apo ayi adikire milungu 4. Timitengo ta pamkono, monga Jadelle ya zaka 5 ndi Implanon ya zaka 3, malangizo a WHO a 2015 analola kuti tiikidwe mayi asanatuluke m'chipatala ngakhale akuyamwitsa. Jakisoni wa Depo-Provera, wa miyezi itatu, malangizo omwewo ankati woyamwitsa ayambe pa milungu 6. Mapiritsi okhala ndi estrogen amadikira miyezi 6 chifukwa angachepetse mkaka. Amene ana awakwanira angatseketse pasanathe masiku 7 kapena patapita milungu 6. Kondomu yokha ndiyo imatetezanso ku HIV.

Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti amayi 48 mwa 100 a pabanja ankalera ndi njira zamakono, 26 mwa 100 ankabayitsa jakisoni, pamene 20 mwa 100 ankafuna kupumula kapena kuleka kubereka koma sankagwiritsa ntchito njira iliyonse. Jakisoni amakondedwa chifukwa sasiya chizindikiro choti mwamuna kapena apongozi n'kuona. Vuto lake kwa Sandwe n'lakuti amafuna ulendo wa kuchipatala kanayi pa chaka, ndipo umodzi mwa maulendowo umagwera m'nyengo ya matope ndi kupalira. Ambiri amasiyanso chifukwa msambo wasokonekera kapena wasiyiratu, n'kumaopa kuti magazi akuunjikana m'mimba. Saunjikana. Akasiya jakisoni mayi angachedwe miyezi ingapo kuti aime, koma sakhala wosabereka.

Boma la Zambia linachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi mu 2006, ndipo mu 2012 linalonjeza ku London kukweza kulera kwamakono kufika pa amayi 58 mwa 100. Chaka chomwecho Nyimba inali limodzi mwa maboma 4 oyamba a ntchito ya Saving Mothers, Giving Life, yomwe inalimbikitsa kuchirira kuchipatala mothandizidwa ndi magulu odzipereka a m'midzi otchedwa SMAG. Kuchirira kuchipatala ndi mpata woyamba wa kulera, chifukwa mayi amakhala m'manja mwa mzamba pa maola 48 aja.

Mpata wachiwiri ndi sikelo ya pa milungu 6. Mayi amafika ali ndi mwana kumbuyo, khadi m'manja, kudzabayitsa katemera. Mwana akakwezedwa pasikelo n'kubayidwa koma mayi osafunsidwa za iye mwini, mpatawo watayika, ndipo kwa munthu woyenda maola angapo wapansi kubwereranso tsiku lina n'kovuta. N'chifukwa chake kukambirana za njira kuyenera kuyamba pa sikelo ya apakati, bambo ali pomwepo, kuti pofika tsiku lochira banja likhale litasankha kale.