Nkhotakota, Doko la a Jumbe

Mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri a ku Mchinji, kufupi ndi malire a dziko la Malawi ndi Zambia, ndipo umakathira m'nyanja ya Malawi chakumpoto pang'ono kwa tauni ya Nkhotakota. Munthu wochokera kwa Kapondo wofuna kukaona kumene madzi a kwawo amakathera amadzera msewu wa ku Kamwendo, nafika ku Kasungu, kenaka natsetsereka m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota kufikira ataona nyanja ili mbee kutsogolo kwake. Masiku ano ulendowu ndi wa tsiku limodzi pa galimoto. M'zaka za m'ma 1800 anthu ambiri a kumtunda adauyenda wapansi kwa masabata, ena atasenza minyanga ya njovu, ena goli lili m'khosi, ndipo ambiri a iwo sadabwererenso kwawo.

Mlendo wofika ku Nkhotakota koyamba sangaganize msanga kuti pamalopa padachitika zazikulu. Tauniyi ndi yaing'ono ndiponso yotentha. Pali msika, maofesi a boma, mizikiti, matchalitchi ndi mitengo yambiri ya mango, ndipo kugombe asodzi amayanika usipa pa mathandala. Komabe pa nthawi ya atsamunda malowa ankatchuka kuti ndi umodzi mwa midzi ikuluikulu ya anthu akuda m'chigawo chino cha Africa. Azungu ankalemba dzina lake kuti Kota Kota, ndipo kalembedwe ka lero kadakhazikika dziko litalandira ufulu. Ena amati dzinali lidachokera ku mawu oti kukhotakhota, ponena za gombe lake.

Gombelo ndilo lidakopa amalonda. Pa Nkhotakota pali mchenga wautali wolowa m'nyanja umene umatchinga mafunde a mwera, kotero kuti zombo zimaima mwabata ngakhale nyanja itakalipa. Cha m'ma 1840 padafika Mswahili wina wochokera ku Zanzibar, dzina lake Salim bin Abdullah. Iye adapempha malo kwa mafumu a Achewa a m'deralo, amene wamkulu wawo adali Malengachanzi, ndipo adamulandira ngati mlendo wamalonda. Munthuyu ndiye adayamba kudziwika ndi dzina laudindo loti Jumbe. Adabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, ndipo ankafuna minyanga ya njovu ndi anthu.

Chimene chidautsa malondawa chidali kutali ndi nyanja ya Malawi. Pa zaka zomwezo mfumu ya ku Oman, Seyyid Said, idasamutsira likulu lake ku Zanzibar, kumene minda ya zonunkhira zotchedwa karafuu inkafuna antchito ochuluka. Minyanga nayo inkagulidwa pa mtengo wokwera ku India, ku Ulaya ndi ku America, kumene ankapangira zipeso, zigwiriro za mipeni ndi mabatani a piyano. Jumbe adaona kuti pakati pa njovu ndi anthu a kumadzulo kwa nyanja ndi misika ya kum'mawa padangotsala madzi, choncho adakhoma zombo zoyenda ndi mathanga. Akapolo ankasonkhanitsidwa m'mipanda pa Nkhotakota kudikira kuti achuluke, kenaka ankawaolotsera ku Losewa, tsidya lija limene lero ndi Mozambique. Kuchokera kumeneko ankayenda wapansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ya mchere. Odwala ndi ofooka ankasiyidwa m'njira.

Pali funso limene wophunzira mbiri sayenera kulilumpha: kodi anthu ogulitsidwawo ankawagwira ndani? Aswahili okhala pa Nkhotakota adali ochepa, ndipo sakadatha okha kugwira anthu zikwizikwi kuchokera ku Kasungu mpaka ku chigwa cha Luangwa. Ambiri mwa akapolowo adagulitsidwa ndi anthu akuda anzawo. Mafumu ena ankapereka anthu ogwidwa pa nkhondo, ena ankapereka olephera kulipira milandu kapena oganiziridwa ufiti, ndipo pa nthawi ya njala mabanja ena ankasinthanitsa mwana ndi chakudya. Mfumu yolandira mfuti inkakhala yamphamvu kuposa inzake, ndipo inzakeyo, poopa kugonjetsedwa, inkafunanso mfuti. Mtengo wa mfuti udali munthu. Mwase wa ku Kasungu adakula mphamvu chifukwa njira ya malonda yochokera ku Luangwa inkadutsa m'dziko lake. Kunena izi sikuchepetsa mlandu wa a Jumbe, pakuti iwo ndiwo adatsegula msikawo ndi kuusunga kwa zaka pafupifupi 50. Koma mbiri yongoloza chala alendo okha imabisa theka la zimene zidachitika.

Chodabwitsa china nchakuti Achewa ambiri adathawira kwa Jumbe mwa kufuna kwawo. Zaka zimenezo Angoni ankathira nkhondo midzi ya kumtunda: a Chiwere cha ku Dowa, ndipo a Mpezeni m'dera limene lero ndi Chipata ndi Mchinji. Mudzi wa Jumbe udali ndi mfuti, choncho anthu othawa mikondo ya Angoni adakamanga nyumba zawo pafupi ndi mpanda wa akapolo. Wogulitsa anthu yemweyo adasanduka mtetezi wa anthu, ndipo mlendo uja adapempha malo adakhala wamkulu kuposa eni nthaka amene adamulandira. Umu ndi mmene Nkhotakota idakulira. Jumbe ankadzitcha nthumwi ya mfumu ya ku Zanzibar ndipo ankakweza mbendera yake. Anthu ake adadzala mitengo ya kokonati, adafalitsa ulimi wa mpunga m'madambo a m'mbali mwa nyanja, ndipo adamanga mzikiti. Mpunga wa faya umene anthu amautama ndi Chisilamu chimene chidazika mizu m'bomali zidalowera pa doko lomwelo limene akapolo ankatulukira.

Malo amene alendo ambiri amayamba kuwaona ndi mkuyu waukulu umene uli m'dera la mishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Umatchedwa mtengo wa Livingstone. David Livingstone adaona nyanjayi koyamba mu 1859. Mu 1861 adayenda m'gombe la kumadzulo pa bwato pamodzi ndi John Kirk ndi mng'ono wake Charles, ndipo adaona mmene malonda a akapolo adawonongera midzi. Adalemba kuti kazembe wa Britain ku Zanzibar, Colonel Rigby, adamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera m'dera la nyanjayi ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya chilumbacho chaka chilichonse. Chiwerengerochi sichidaphatikize omwe ankafera m'njira. Mu Seputembala 1863 Livingstone adafikanso pa Nkhotakota wapansi, ndipo adapeza amisiri akukhoma chombo chatsopano choolotsera akapolo. Anthu amasimba kuti pansi pa mkuyu uja ndi pamene adakambirana ndi Jumbe ndi mafumu a Achewa za kuleka malondawo. Atachoka pamenepo adalowera kumadzulo, nadutsa kwa Mwase, potsata njira yomwe akapolo ankadzera.

Ngati padali lonjezo lililonse pansi pa mtengowo, silidasungidwe. Livingstone adalibe asilikali, ndipo Jumbe adalibe chifukwa chosiyira chuma chake pomvera mlendo wodutsa. Ngakhale pamene mfumu Barghash ya ku Zanzibar idatseka msika wa akapolo mu 1873, itakakamizidwa ndi John Kirk yemwe uja, amene tsopano adali woimira Britain pachilumbapo, zombo za pa Nkhotakota zidapitiriza kuoloka. Phindu la ulendo wa Livingstone lidadza mochedwa ndipo lidadzera kwina: zolemba zake zidautsa mitima ya anthu ku Scotland ndi ku England, ndipo adatumiza amishoni ndi amalonda.

Ufumu wa a Jumbe udatha mwa njira yosayembekezeka. Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, adali munthu wochenjera amene adaona kumene mphepo inkalowera. Mu 1889 adapangana ndi Harry Johnston, nthumwi ya Britain, kuti adzakhala pansi pa chitetezo cha Mfumukazi Victoria ndi kuleka malonda a akapolo, ndipo iye azilandira mapaundi 200 pa chaka. Johnston ankafuna bwenzi m'mbali mwa nyanja pamene ankalimbana ndi Makanjira kummwera ndi Mlozi ku Karonga, ndiponso ankafuna kutsekereza Apwitikizi. Dziko litakhala pansi pa Britain mu 1891, ena mwa anduna a Jumbe sadakondwe ndi panganolo. Mmodzi wa iwo, Chiwaula, adamuukira, ndipo mu 1893 asilikali a Johnston ndiwo adabwera kudzamugonjetsa. Kuyambira pamenepo zidaoneka poyera kuti mwini mphamvu pa Nkhotakota sadalinso Jumbe. Tawakali Sudi adamwalira mu 1894. Wolowa m'malo mwake sadakhalitse: Angerezi adamuzenga mlandu wakupha, namuchotsa pampando ndi kumutumiza ku Zanzibar. Nkhotakota idasanduka boma. Kumapeto kwa 1895 gulu lankhondo lotsogozedwa ndi Alfred Swann lidanyamuka pa doko lomweli kukagonjetsa Mwase wa ku Kasungu, ndipo njira ya akapolo yochokera kumadzulo idatsekeka. Mu 1898 Angoni a Mpezeni nawo adagonja. Linga la Fort Manning, limene lidapereka dzina lakale la boma la Mchinji, ndi chikumbutso cha zaka zomwezo.

Amishoni a UMCA, amene likulu lawo la kunyanja lidali pa chilumba cha Likoma, adatsegula mishoni pa Nkhotakota mu 1894 motsogozedwa ndi wansembe Arthur Fraser Sim, yemwe adamwalira chaka chotsatira. Chaka chomwecho cha 1895, mwezi wa Seputembala, Chauncy Maples, amene adali atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, adamira bwato lake litagubuduzika ndi namondwe cha kufupi ndi Salima. Thupi lake adaliika pa Nkhotakota, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints. Sitima imene idayamba kuyenda panyanja mu 1901 idatchedwa dzina lake. Mlendo woyenda wapansi kuchoka pa tchalitchichi kupita ku mzikiti wakale wa a Jumbe satenga nthawi yaitali, ndipo m'njira amakumana ndi Akhristu ndi Asilamu amene ambiri ndi apachibale.

Zina zoona m'derali nzachilengedwe. Pali akasupe a madzi otentha a Mawira kufupi ndi tauni, ndi thamanda lalikulu la Chia chakummwera. Nkhalango ya Nkhotakota, imene kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800, idatsala pang'ono kutha njovu chifukwa cha opha nyama mozemba. Bungwe la African Parks lidayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwirako pa magalimoto kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Mu mtsinje wa Bua, m'kati mwa nkhalangoyi, ndimo nsomba za mpasa zimakwera kukaswana. Mu 2011 dziko la Malawi lidapereka ku UNESCO njira za akapolo ndi malo amene Livingstone adadutsa, kuphatikizapo Nkhotakota, kuti aganiziridwe kukhala pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse lapansi.

Pali mtengo winanso waukulu m'tauniyi umene anthu amaloza, ndipo nkhani yake ndi ya m'zaka za ufulu. Chakumapeto kwa Seputembala 1960 chipani cha Malawi Congress Party chidachititsa msonkhano wake waukulu pa Kota Kota. Dr Hastings Kamuzu Banda adali atatuluka m'ndende ya Gwelo mu Epulo chaka chomwecho. Boma la atsamunda lidamasula atsogoleri omaliza amene adamangidwa mu 1959, ndipo Henry Masauko Chipembere, Dunduzu Chisiza ndi mkulu wake Yatuta adaonetsedwa kwa khamu la anthu pamsonkhanowo pakati pa nthungululu. Pamsonkhano womwewo nthumwi zidavomereza kuti Dr Banda akhale mtsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse. Pa tsikulo ndi ochepa amene adaona vuto pa chigamulochi, pakuti onse ankafuna umodzi polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Dunduzu adafa pa ngozi ya galimoto mu 1962. Mu 1964, patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, nduna zingapo zidasemphana ndi Dr Banda, ndipo Chipembere ndi Yatuta adali m'gulu la otuluka m'boma. Yatuta adaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida cha ku Mwanza, ndipo Chipembere adafera ku America mu 1975. Udindo wa moyo wonse umene udayambira m'chipani pa Kota Kota udafika pa dziko lonse mu 1971, ndipo udachotsedwa mu 1993, anthu atavota pa referendamu kuti akufuna zipani zambiri.